Sitima siidafike ku Chowe, tsono ife tiilondola

Tsiku limene ndidauza mayi a kunyumba kuti Loweruka ndidzalawirira pamodzi ndi anzanga atatu kunka ku Liwonde, si kumaliro ayi, si kuchipatala, si kukagula mbuzi, koma kukakhala pansi m'mbali mwa njanji ndi kulindira sitima ya pamtunda kuti tiione ndi kuijambula, iwo adayamba aika pansi lichero la mpunga limene ankapeta, nandiyang'ana nthawi yaitali monga umo munthu ayang'anira mnzake amene malungo amukwera kumutu, ndipo potsiriza adafunsa ndi mawu ofatsa kuti, "Kodi bambo, m'sitimamo muli mbale wanu?" Ndidayankha kuti mulibe mbale, muli malasha okhaokha. Iwo adatolanso lichero lawo osanenanso kanthu, koma mbiri idawanda m'mudzi monse dzuwa lisanalowe, kotero kuti kufikira lero anyamata a kabaza pano pa Chowe akandiona ndikutsikira kumsika amafuula kuti, "Amjomba, yafika kodi sitima ija?"

Sindiwakwiyira anyamatawo, pakuti inenso ndikadakhala wa msinkhu wawo ndikadaiseka nkhalamba yotere. Komabe, popeza nkhaniyi yasanduka ya pabwalo, ndayesa n'koyenera kuti ndiyankhe mlandu wanga poyera, ndi kunena chimene ndikhulupirira ine, chakuti ulendo wokaonerera sitima suli misala kapena kusowa chochita, koma uli ntchito ya umboni, imene tidaisiyira alendo zaka zoposa 100, ndipo tsopano yatigwera eni akefe, popeza m'matumba mwa ambiri a ife muli foni yojambula.

Ndiyambe ndi kukumbutsa owerenga a ku Limbe ndi a ku Balaka, amene kulira kwa sitima kumawadula tulo, kuti m'boma lonse la Mangochi mulibe ngakhale phazi limodzi la njanji. Kwa ife a kunyanja, munthu akati sitima ndiye kuti akunena Ilala. Inayo timachita kuipatsa dzina loonjezera lakuti "ya pamtunda", monga umo tichitira ndi mlendo amene dzina lake lafanana ndi la mwini mudzi. Komatu sikuti chidali choikika chikhalire kuti zitere. Masiku amene boma lathu linkatchedwa Fort Johnston, pano ndi pamene padali pakhomo pa nyanja, ndipo katundu wopita kumpoto ankakwera ndi mtsinje wa Shire kudzapumira kwathu kuno. Njanji yoyamba, ya kampani ya Shire Highlands Railway, idalumikiza Port Herald, amene lero ndi Nsanje, ndi Blantyre mu 1908. Ndipo pamene akuluakulu a nthawiyo ankakangana za njira yoifikitsira kunyanja, adalipo ena amene ankafuna kuti idzere cha ku Zomba ndi kudzathera mbali yathu ino. Koma madzi a nyanja adali atatsika kwambiri m'zaka zimenezo, Shire wa kumtunda adaphwa mwakuti sitima za pamadzi zidaleka kuyendamo, ulemerero wa Fort Johnston udazilala. Ndipo pamene njanji ya kumpoto idatha mu 1935, idapita pa Balaka, pa Golomoti ndi pa Chipoka n'kukaima ku Salima, ife n'kutilambalala ngati mwana wopeza pogawa ndiwo. Ngakhale Ilala yeniyeniyo, imene timaiyesa yathu, idakwerapo sitima ya pamtunda ife tisanakwere, pakuti idapangidwa ku Scotland, nidza zidutswazidutswa pa nyanja yamchere kufikira ku Beira ndi pa njanji kufikira ku Chipoka, isanalumikizidwe ku Monkey Bay ndi kuyamba maulendo ake mu 1951.

Kutilambalala kumeneko sikudatichotsere ngongole. Boma la Nyasaland ndilo lidaikira chikole ndalama zimene zidakongoledwa pomanga njanji ya Trans-Zambezia, imene idafika pa mtsinje wa Zambezi kuchokera mbali ya Beira mu 1922, ngakhale yonse idali m'dziko la Apwitikizi. Ndipo mlatho waukulu wa Dona Ana, wa makilomita oposa 3 ndi theka, umene udatsegulidwa mu 1935, udasanjikiza mtolo pamwamba pa mtolo. Nanga ndalama za boma limenelo zinkachokera kuti, ngati si ku msonkho wa nyumba umene makolo athu ankaufunafuna m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, m'migodi ya ku Joni ndi m'mapulazi a ku Rhodesia? Katswiri wa mbiri yakale Leroy Vail adalemba mu 1975 kusonyeza umo ngongole za njanji zidasaukitsira dziko lino. Chotero munthu wa ku Chowe akaima pa siteshoni ya Balaka ndi kuyang'anitsitsa zitsulo ziwiri zija, asamayesedwe wosuzumira m'nkhokwe ya eni. Akuona chinthu chimene thukuta la agogo ake lidagula.

Tsono funsani kuti zithunzi za njanji imeneyi adajambula ndani. Zimene ndidazionapo m'mabuku n'za atsamunda, amishoni, eni minda ndi alendo odzacheza, ndipo pafupifupi m'zonse injini ili pakati, mzungu wa chisoti ali pambali pake dzina lake litalembedwa pansi, pomwe amuna ogwira fosholo ndi piki ali kumbuyo mbuu, opanda dzina, opanda mudzi. Sindiwadzudzula ojambulawo, pakuti munthu ajambula chimene mtima wake uli nacho, ndipo pakadapanda iwo sitikadakhala ndi kanthu konse. Bambo wanga adapita ku Bulawayo pa sitima ali mnyamata, ndipo kufikira tsiku la kumwalira kwawo ankasimba za usiku umene adaoloka Zambezi pa Dona Ana, madzi okhaokha uku ndi uku, amuna akuluakulu atangoti zii ndi mantha m'bogi monse. Koma chithunzi cha bogi limenelo, cha mabokosi awo a malata, cha nkhope za anzawo amene ena adasanduka matchona osabwereranso, palibe. Zatsala injini ziwiri zoyambirira za nthunzi, Thistle ndi Shamrock, ina ku Limbe ndi ina ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Chichiri, zili duu ngati ng'ombe zokalamba zimene goli lidazichokera. Mu 1997 madzi osefukira adadula njanji pa Chiromo, ndipo njira ya kumwera, imene idali msana wa dziko lino, idagona zaka zambirimbiri. Mwana wobadwa ku Bangula chaka chimenecho adakula n'kukwatira akungomva kuti pano pankadutsa sitima. Madzi akatayika saoleka.

Kumaiko ena chizolowezi chimene anyamata a kabaza amandiseka nachochi n'chakale ndithu. Ku England, mu 1942, kalaliki wachinyamata wa kampani ya Southern Railway, dzina lake Ian Allan, adasindikiza kabuku kondandalika manambala a injini zonse za kampaniyo, ndipo anyamata miyandamiyanda adayamba kukhala kumapeto kwa masiteshoni ndi pensulo, kuchonga injini iliyonse imene aiona. Kumeneko ine sikundikopa kwenikweni, pakuti kuwerenga manambala kokha kuli ngati kuwerenga ng'ombe za mnzako. Amene andigwira mtima ndi O. Winston Link wa ku America, amene pakati pa 1955 ndi 1960, ataona kuti sitima za nthunzi zili pafupi kutha, adayendayenda ndi galimoto lake m'midzi ya m'mbali mwa njanji ya Norfolk and Western, kujambula makamaka usiku. Lero zithunzi zake zili ndi nyumba yakeyake mu mzinda wa Roanoke, ndipo chimene anthu apitira kukaona si chitsulo chokha ayi, koma ana akusamba mumtsinje, nkhalamba zili pakhonde, wogulitsa m'sitolo ali pa sikelo yake, sitima ikudutsa kumbuyo kwawo. Iye adalondola sitima, napeza anthu a kwawo.

Kukonza ulendo wotere kuli ndi luso lake, ndipo ife tidaliphunzira mwa kulakwa. Kuchokera pa Chowe munthu atsika phiri, naoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi, nagwira msewu wa M3 umene utsata nyanja ya Malombe ndi kupyola pa Ulongwe, makilomita oposa 70 kuchokera pa boma kufikira ku Liwonde. Kapena, ngati afuna kuona dziko, akwera chakum'mawa kudzera ku Namwera, ku Nselema ndi ku Ntaja, natsikira ku Liwonde komweko chakuseri. Tidapangana kuti mwini galimoto asamatulutse ya mafuta, atatu enafe tizisonkha, popeza mutu umodzi susenza denga. Ndipo tsiku lidagwera pa Loweruka chifukwa awiri mwa ife Lachisanu amakhala ali kumzikiti, pomwe awiri enafe Lamulungu timakhala tili kutchalitchi. Kamba wathu ndi chinangwa chophika, usipa wowamba ndi chigubu cha thobwa. Nyengo yokoma ndi ya Epulo, Meyi ndi Juni, mvula itangokata, mapiri a Chinguni ndi Mongolowe akali obiriwira ndipo kumwamba kuli mbee. Pofika Seputembala ndi Okutobala utsi wa moto wa tchire ndi fumbi ziphimba zonse, chithunzi chituluka chotuwa ngati phulusa, ndipo dzuwa la m'chigwa cha Shire silichitira chifundo imvi.

Za dzuwa lomweli ndinenepo pang'ono, pakuti ulendo wathu woyamba udapita pachabe chifukwa cha ilo. Njanji ya ku Nacala idutsa pa Liwonde kuchokera kumadzulo kunka kum'mawa, ndipo sitima yolemedwa ndi malasha ilunjika kotulukira dzuwa, pomwe yopanda kanthu ibwerera kolowera. Wofuna kuona nkhope ya sitima yodzaza aime tsidya la kum'mawa m'mawa, dzuwa lili kumsana kwake. Wofuna yobwerera aidikire madzulo tsidya linalo. Ife tidachita chosemphanitsa, ndipo tidabwerako ndi chithunzi cha chinthu chakuda bii chonga khoma, chimene mayi a kunyumba adachiyang'ana nafunsa ngati pamenepo mpamene padapita ndalama ya mafuta.

Sitima za katundu sizilengeza nthawi yake kwa anthu wamba, ndipo wodalira wotchi yake adzavutika mtima. Odziwa ndiwo amayi ogulitsa mandasi ndi tomato pafupi ndi pamene msewu udutsa njanji, ndiponso tianyamata toweta mbuzi, timene timamva zitsulo zikung'ung'udza sitima isanaoneke n'komwe. Safunsa adadya phula. Ngakhale utafunsa, kulindira ndiko gawo lalikulu la ntchitoyi: pa Nkaya, pamphambano pamene njanji ya ku Limbe, ya ku Salima, ya ku Nayuchi ndi ya ku Moatize zikomana, tidakhalapo tsiku lina maola asanu pansi pa mtengo. Akale adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine ndionjeza kuti maola asanu amenewo ndiwo adali chuma cha ulendo wonse. Pakuti munthu amene wakhala pansi osafulumira, anthu amabwera okha kudzamupatsa moni, ndipo tidamva kwa mkulu wina amene adagwira ntchito ya njanji masiku a Malawi Railways, boma lisanaipereke m'manja mwa kampani ya Central East African Railways mu 1999, umo ankayendera wapansi mtunda wake m'mamawa uliwonse ndi sipanala paphewa, kugogoda chitsulo chilichonse ndi kumvetsera kulira kwake monga sing'anga amvetsera chifuwa cha wodwala. Mkuluyo tidamujambula, atavomera ndi atayamba wakavala jekete lake.

Ndipo sitima ya malasha ikamadza, ndithu ngakhale wonyoza amaimirira. Iyamba ndi kunthunthumira kwa nthaka kumapazi, kenaka nyali patali, kenaka lipenga limene likulowa m'mafupa, kenaka mitu ya sitima ikubangula, ndi pambuyo pake mabogi oposa 100, onse ofanana, onse odzaza, kugubuduka osatha kufikira munthu ataya chiwerengero. Malasha amenewo achokera ku Moatize, m'chigawo cha Tete, ndipo alinkunka ku doko la Nacala-a-Velha, ulendo wa makilomita 912. Kampani ya Vale ya ku Brazil ndiyo idamanga njanji yatsopano yodzera ku Chikwawa, ku Mwanza ndi ku Neno kudzalumikiza pa Nkaya, nikonzanso ya makilomita 101 yochokera pa Nkaya kufika pa Nayuchi, imene idatsegulidwa mu 1970 m'masiku a Kamuzu. Njira yonse idatsegulidwa mwamwambo mu 2017, ndipo mu 2022 idagulitsidwa kwa kampani ya Vulcan. Njanji yomweyi ndiyo asilikali athu adakailondera m'kati mwa Mozambique pa nkhondo ya Renamo, ena a iwo osabwerako. Woimirira pambali pake sangalephere kudzifunsa mumtima: chuma chonsechi chilowera khomo la kumadzulo ndi kutulukira la kum'mawa, nanga m'nyumba mwathu mutsala chiyani? Chotsala chilipo, sindikana. Boma lilandirapo ndalama, ana athu ena alembedwa ntchito, ndipo feteleza ndi mafuta zikwera pa zitsulo zomwezo. Koma ngati chotsalacho chikwanira kapena ayi, ndiponso chifukwa chake katundu wathu wochuluka akali kuswa misewu ndi mathiraki njanji ili pomwepo, amenewo ndi mafunso amene afunsa bwino ndi munthu amene waona ndi maso, osati wongomva pa wailesi.

Koma mtima wanga uli pa sitima ina yaing'ono, ya anthu, imene ichoka ku Limbe kudzera ku Balaka kunka ku Nayuchi, kumalire, pakati pa nyanja ya Chilwa ndi ya Chiuta, pamene tsidya linalo Apwitikizi adapatcha Entre Lagos. Imeneyo ikaima pa kasiteshoni ka kumudzi, msika ubadwa pomwepo: nzimbe, nthochi, matemba ndi nkhuku zikwera kudzera m'mawindo, ndalama zitsika, mayi aponyera mnzake uthenga wa maliro kapena wa chinkhoswe, ndipo lipenga likalira msika uja ufa monga udabadwira. Zimenezi n'zimene zidzukulu zathu zidzafuna kuona, ndipo n'zimene zidzayambe kutha, pakuti malasha ali ndi owawerengera m'mabuku a makampani, koma mayi wa matemba alibe mlembi.

Otsutsa ali ndi mawu, ndipo ena mwa mawuwo ngolemera. Mnzanga wina wa kuubwana adandiuza maso ndi maso kuti, "Achimwene, ndalama mukuotcha pamsewuyo ndi thumba la feteleza," ndipo m'zaka zino zimene tagonapo pamizere ya mafuta sindingamuyankhe mwachipongwe. Munthu amene m'nyumba mwake mulibe ufa asapite ku Nkaya. Ayambe wadyetsa ana. Koma ndaona amuna akusonkherana kukwera minibasi kuchokera ku Mangochi kukaonerera Bullets ndi Wanderers pa Kamuzu Stadium, nabwera usiku mawu atasasa, ndipo palibe adawafunsa ngati m'bwalomo mudali mbale wawo. Ndiponso galimoto si lamulo: minibasi ifika ku Liwonde ndi ku Balaka, ndipo sitima ya anthu ija munthu angathe kuikwera yomwe. Aphunzitsi amene atenga ana kukaona njovu ku nkhalango ya Liwonde akadapatula ola limodzi lokha kuti anawo aonenso sitima, akadabwera nawo ataphunzira mapu, mbiri ndi masamu pa mtengo womwewo.

Ena amati kujambula njanji n'kudziputira milandu, ndipo pamenepa ndivomera kuti tidalakwapo. Pa siteshoni ina, imene sindiitchula, tidangofika n'kuyamba kuloza mafoni uku ndi uku ngati kwathu, ndipo mlonda adatiimika ndi kutifunsa mafunso ola lathunthu. Poyamba ndidapsa mtima, koma pobwerera ndidaona kuti munthuyo adachita bwino, pakuti akuba zitsulo za njanji nawonso amayamba ndi kuyendera malo usana. Kuyambira pamenepo tifika kaye kwa mkulu wa siteshoni, kapena kwa a mfumu ngati ndi kumudzi, kupereka moni ndi kunena za ulendo wathu. Akatiloleza tijambula, akatikaniza tipinda manja ndi kungoonerera, makamaka pa milatho. Munthu sitimujambula tisanamupemphe. Ndipo kwa achinyamata amene ndawaona ataima pakati pa njanji, msana ataulozetsa kumene sitima ichokera kuti adzijambule okha, ndinena monga kholo: sitima siikhota kupewa munthu, ndipo yolemedwa chotere, ngakhale dalaivala atamanga mabuleki onse, ipita mtunda wautali isanaime. Imani patali, pamalo okwera, musakwere pa mlatho wa njanji. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Chinthu chimodzi chimene ndiumirira kwa anzanga n'chakuti chithunzi chisamagone m'foni, pakuti foni igwa m'madzi, ibedwa, kapena mdzukulu afufuta zonse kuti aikemo nyimbo. Zabwinozo timazitsukitsa pa boma, ndipo kuseri kwa chilichonse ndilemba tsiku, malo, nambala ya mutu wa sitima, kumene inkachokera ndi kumene inkapita, ndi dzina la munthu aliyense amene adalola kuti dzina lake lilembedwe; zina zonse ndilemba m'kope la sukulu limene tsopano latsala pang'ono kudzaza. Ku Zomba kuli nyumba ya National Archives, ndipo ku Mandala House ku Blantyre kuli laibulale ya Society of Malawi. Ndikadzaona kuti miyendo yayamba kukana, kope limeneli ndi zithunzi zake ndidzapita nazo kumeneko ndekha.

Mwezi wathawu mdzukulu wanga wa Fomu 2 adafunyulula mapu pamkeka, nayendetsa chala chake kupyola Namwera ndi Chiponde, nati, "Anganga, nanga iyi si njanji?" Idalidi njanji, ya makilomita 262 yochokera ku Cuamba kunka ku Lichinga, imene idakonzedwanso ndi kutsegulidwa mu 2016, ndipo idutsa pa Mitande m'boma la Mandimba, kuseri kwa mapiri athu omwewa, kumene anthu ake ayankhula Chiyao chomwe tiyankhula pa Chowe. Zaka zonsezi ndidali kuyang'ana kumwera kokha. Tapangana kuti tidzapite mu Meyi, mitsinje ikadzaphwa, ndipo mwini galimoto wayamba kale kufunsa za mapepala a pachipata. Mpando wakutsogolo watengedwa kale: mayi a kunyumba anena kuti nawonso adzapita, ngakhale andichenjeza kuti ndisauze anthu kuti akukaona sitima, popeza iwo ali ndi azakhali awo ku Mandimba amene sadawaone zaka 12.